Kuona Maso a Nkhono N'kudekha: Zimene Nyenyezi Ziwiri Zandiphunzitsa

Teremu ino ine ndi mnzanga wina tinapatsidwa ntchito ya m'sakristiya. Loweruka lililonse, anzathu akapita ku dimba, ife timapukuta zoikapo makandulo, kupinda nsalu za pa guwa ndi kusamala ziwiya za Misa. Tsiku lina ndikupukuta chikho chachikulu chija chimene Bambo Rekitala amatenga pa masiku a chaka, ndinamuuza mnzangayo kuti, "Aise, ukudziwa kuti golide ali m'kati umu anapangidwa ndi nyenyezi, dziko lino lisanakhalepo?" Iye anandiyang'ana n'kuseka. "Iwe, zimenezo zikuthandiza chiyani pa unsembe? Udzalalikira za nyenyezi anthu akulira feteleza? Komanso usamale, anthu amene amakonda za sayansi amathera posiya kupemphera."

Sindinamuyankhe bwino tsiku limenelo, ndipo zinandiwawa. Mnzangayu si wopusa, ndipo maganizo akewa si a iye yekha. Ambiri mwa ife timalowa m'kalasi ya fizikisi ngati munthu womwa kwinini, kungofuna kuti tikhoze mayeso a MSCE basi. Tsono ndaganiza zoyankha pano. Maganizo anga ndi akuti mnyamata wa ku seminale amene amanyoza kapena kuopa sayansi ya zakuthambo akudzimana mphunzitsi wabwino wa kudekha, wa mgwirizano ndi wa kudzichepetsa. Ndifotokoza potengera nkhani imodzi yokha, imene inachitika pa 17 Ogasiti 2017.

Tiyambe ndi nyenyezizo. Nyenyezi yolemera kuposa dzuwa lathu maulendo 8 kapena kuposerapo ikatha nkhuni zake, imaphulika. Chapakati chake chimafinyika mpaka kusanduka kampira ka makilomita pafupifupi 20 m'mimba mwake, mtunda umene mnyamata wamphamvu amapalasa njinga osatha maola awiri. Komatu kampira kameneka kamalemera kuposa dzuwa lonse. Mutati mutapeko ndi supuni ya tiyi, mungasenze matani mamiliyoni mazanamazana. Imeneyi ndiyo imatchedwa nyenyezi ya neutron. Nthawi zina ziwiri zotere zimakhala zikuzungulirana kwa zaka mamiliyoni ambiri, n'kumayandikirana pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina zimagundana.

Mu 1916 Albert Einstein ananena kuti zinthu zolemera zikamazungulirana chotere zimagwedeza thambo lenilenilo, ndipo kugwedezekako kumafalikira ngati mafunde a padziwe ukaponyapo mwala. Mafunde amenewa akamadutsa, mtunda wa pakati pa zinthu ziwiri umatalika ndi kufupika pang'ono kwambiri. Pofuna kuwamva, anthu a ku America anamanga makina awiri otchedwa LIGO, ena ku Hanford m'chigawo cha Washington, ena ku Livingston m'chigawo cha Louisiana. Makina alionse ali ndi mipope iwiri yotalika makilomita 4, yokumana pakona, ndipo m'kati mwake kuwala kwa laser kumapita ndi kubwerera pakati pa magalasi. Makinawa amatha kuzindikira kusintha kochepa kuposa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a kukula kwa proton, kanthu ka m'kati mwa atomu. Ku Italy, pafupi ndi mzinda wa Pisa, kuli makina achitatu otchedwa Virgo, a mipope ya makilomita 3.

Pa 17 Ogasiti 2017, Lachinayi, patangopita masiku awiri chichitikire chaka cha Maria Wokwezedwa Kumwamba, nthawi ili 2:41 masana pa wotchi ya kuno kwathu, makina a LIGO anamva mafunde amene anatenga masekondi pafupifupi 100, akunka nathamangirathamangira, kenaka zii. Patangopita masekondi 1.7, setilaiti yotchedwa Fermi inaona kung'anima kwa cheza champhamvu cha gamma. Patatha maola pafupifupi 11, usiku utagwa ku Chile, telesikopu ina inapeza kadontho kowala kumene kale kunalibe kanthu, m'mphepete mwa mlalang'amba wotchedwa NGC 4993. Aka kanali koyamba kuti anthu amve ndiponso kuona ndi maso kugundana kwa nyenyezi ziwiri za neutron. Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, komabe uthengawu unatenga zaka pafupifupi 130 miliyoni kuti utipeze. Pamene unkanyamuka, pa dziko lino pankayenda zinyama zija zotchedwa dinosaur. Pamene unkafika, ine ndinali pa holide, ndikusewera mpira wachikulunga, osadziwa kanthu.

M'masiku otsatira kadontho kaja kanasintha mtundu, kuchoka pa kubiriwira ngati thambo kunka ku kufiira, monga momwe akatswiri anali atawerengera kale kuti zidzachitika ngati m'phulusa la kugundanako mukubadwa zitsulo zolemera. Mu 2019 ena atapendanso kuwalako anapezamo chizindikiro cha chitsulo chotchedwa strontium. N'chifukwa chake lero asayansi amati kugundana kotere ndi imodzi mwa ng'anjo zikuluzikulu zimene zimapanga golide, platinum ndi uranium. Apa ndi pamene panachokera mawu amene ndinamuuza mnzanga m'sakristiya muja.

Phunziro loyamba ndi la kudekha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindinaonepo nkhani yogwirizana ndi mwambiwu ngati imeneyi. Rainer Weiss analemba dongosolo la makina otere mu 1972. Makina oyamba a LIGO anagwira ntchito kuyambira 2002 mpaka 2010 osamva mafunde ngakhale amodzi. Taganizani, zaka zonsezo munthu kudzuka m'mawa, kupita ku ntchito, kumvetsera, madzulo kubwerera chimanjamanja. Sananame kuti amva kanthu pofuna kusangalatsa amene ankawapatsa ndalama. Anaphwasula makinawo, kuwakonza, n'kuyambiranso, ndipo anamva mafunde oyamba pa 14 Sepitembala 2015, patapita zaka 43 chilembere Weiss dongosolo lija. Mmodzi mwa amene anayambitsa ntchitoyi, Ronald Drever wa ku Scotland, anamwalira mu Malichi 2017, miyezi yowerengeka anzake atatu asanalandire mphotho ya Nobel. Ndipo kudikira sikunathe. Pa 25 Epulo 2019 anamvanso nyenyezi zina ziwiri zikugundana, koma ngakhale anasakasaka, kuwala kwake sanakupeze.

Ife kuno timadandaula ndi mphindi 15 za kusinkhasinkha m'tchalitchi m'mawa. Timati tapemphera mwezi wathunthu za maitanidwe athu koma Mulungu sakuyankha. Ulendo wa ku unsembe, kuchokera Fomu 1 mpaka kudzozedwa, umaposa zaka 10, ndipo ena timaona ngati ndi muyaya. Kodi si zamanyazi kuti anthu omvetsera nyenyezi atipose kudekha ife amene timati tikumvetsera Mwini nyenyezizo?

Phunziro lachiwiri ndi la mgwirizano. Pa tsiku lija zinthu sizinayende myaa. Makina a ku Livingston anachita phokoso lawolawo kutangotsala sekondi imodzi kuti nyenyezizo zigundane, moti anthu anachita kulichotsa phokosolo mosamala kuti uthenga weniweni uoneke. Makina a Virgo, amene anali atangolowa m'gululi pa 1 Ogasiti, pafupifupi sanamve kanthu. Koma kusamva kwawoko ndi kumene kunathandiza. Makina alionse ali ndi mbali zina za thambo kumene samva bwino, tsono akatswiri anazindikira kuti mafundewo achokera ku imodzi mwa mbali zimenezo, ndipo dera loti afufuze linachepa kwambiri. Telesikopu imene inayamba kuona kuwala, yotchedwa Swope, ya ku Las Campanas, ndi yaing'ono, galasi lake ndi la mita imodzi yokha. Pambuyo pake malo oonera zakuthambo pafupifupi 70 anatembenukira komweko, kuphatikizapo telesikopu yaikulu ya SALT ya ku Sutherland, ku South Africa. Lipoti limene linatuluka mu Okutobala 2017 linasainidwa ndi anthu oposa 3,000 a m'maiko osiyanasiyana. Mutu umodzi susenza denga. Ine zimandilimbitsa mtima kuona kuti ngakhale wofooka ndi wamng'ono anali ndi gawo lake, chifukwa m'kalasi mwathu si tonse timakhala nambala wani.

Phunziro lachitatu, limene ndimalikonda kuposa onse, likuchokera ku chinthu chimene asayansi mpaka lero akulimbana nacho: chipwirikiti cha plasma. Tonse tinaphunzira kuti madzi akhoza kukhala ouma gwa, oyenda, kapena nthunzi. Mpweya ukatenthedwa koposa, maatomu ake amasweka, tizidutswa take tokhala ndi mphamvu ya magetsi n'kumayenda patokha. Chimenecho ndicho plasma. Dzuwa ndi plasma, mphezi ikang'anima njira yake ndi plasma, ndipo zinthu zambiri zooneka m'chilengedwe chonse zili mu mkhalidwe umenewu. Plasma imanyamula magetsi, choncho imakoka mphamvu ya maginito kulikonse kumene ikupita, nayonso mphamvu ya maginitoyo imaikankha plasmayo. Ziwirizi zimakhala ngati anthu awiri omangidwa chingwe chimodzi.

Nanga chipwirikiti n'chiyani? Yang'anani utsi wa lubani. Ukamachoka pa makala umakwera mowongoka bwino, koma ukafika pena umayamba kupotana, kupanga tiakamvuluvulu, tina m'kati mwa tinzake, ndipo palibe amene anganene kumene kachigawo kalikonse kalowere. Malamulo a kayendedwe ka madzi ndi mpweya analembedwa kale m'zaka za m'ma 1800, koma masamu ake ndi ovuta kwambiri moti mu 2000 bungwe la Clay Mathematics Institute linaika mphotho ya madola 1 miliyoni kwa amene angayankhe funso limodzi lalikulu lokhudza masamuwo. Ngati utsi wa lubani uli wovuta chonchi, kuli bwanji plasma imene ili ndi maginito m'kati?

Tsono taonani zimene zimachitika nyenyezi ziwiri zija zikakhudzana. Sizigundana mutu ndi mutu ngati nkhosa. Zimakhulana cham'mbali, ina kulowera uku ina uko, pa liwiro loopsa. Pamalire pamene zikukhulanapo pamabuka akamvuluvulu, monga momwe mphepo ya mwera imapindira mafunde ikamawomba pamwamba pa nyanja. Akamvuluvuluwa amatambasula ndi kupinda mphamvu ya maginito mobwerezabwereza, ngati mayi wopota chingwe, ndipo ikapotedwa imakula. Mu 2006 Daniel Price ndi Stephan Rosswog anaonetsa pa kompyuta kuti m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso mphamvuyi imakula maulendo ambirimbiri. Izi n'zofunika chifukwa akatswiri akuona kuti mphamvu ya maginito imeneyi ndi imene imathandiza kuponya mkondo wopyapyala wa moto umene umatuluka pa liwiro loyandikira la kuwala, ndipo mkondowo ndi umene umabala kung'anima kwa gamma kuja. Chipwirikiti chomwecho chimathandizanso kukankhira kunja phulusa limene mumabadwa zitsulo zija. Vuto ndi lakuti akamvuluvulu ofunika kwambiri ndi ang'onoang'ono, ndipo ngakhale makompyuta akuluakulu ngati Fugaku wa ku Japan amalephera kuwatsata onse. Akachepetsa muyeso, amapeza tina tating'ono kuposa pamenepo.

Chimene chimandigwira mtima ndi mmene anthuwa amalankhulira. Pa nambala iliyonse amalemba pambali pake malire a kulakwa kwake. Amasiyanitsa chimene ayeza, chimene akuganizira ndi chimene chikadali chobisika. Ife tikafunsidwa funso la katekisimu limene latikanika pa holide, kangati timayankha molimba mtima zinthu zopeka poopa kuchita manyazi? Wansembe wa mawa ayenera kuphunzira kunena zoona ngakhale pamene zoonazo n'zakuti funsolo ndi lalikulu kuposa iye.

Palinso kankhani kena kosonyeza kuti chipwirikiti si mdani nthawi zonse. Nyenyezi za neutron zinapezeka chifukwa cha icho. Ku Cambridge, Antony Hewish anakonza telesikopu ya mafunde a wailesi kuti aphunzire kuphethira kumene kumabwera mafundewo akamadutsa m'plasma yowinduka yochokera ku dzuwa. Mu 1967 wophunzira wake Jocelyn Bell, amene ankapenda ndi maso mapepala ataliatali tsiku ndi tsiku, anaona kachizindikiro kakang'ono kachilendo kobwera pa sekondi imodzi ndi kachigawo. Wina akanati ndi litsiro n'kupitirira. Iye anakatsata, ndipo inali nyenyezi ya neutron yozungulira. Mphotho ya Nobel ya 1974 inapita kwa aphunzitsi ake, iye ayi. Mu 2018 atalandira mphotho ina ya madola 3 miliyoni, anaipereka yonse kuti ithandize ophunzira amene kawirikawiri amasalidwa m'maphunziro a fizikisi. Mayi ameneyu si Mkatolika, koma ine ndikanakonda kukhala ndi mtima ngati wake.

Tsopano ndibwerere ku mafunso awiri a mnzanga. Loyamba ndi la njala. Funsoli ndi loona ndipo sindikulipeputsa, pakuti ndikudziwa mmene makolo athu amavutikira kuti apeze fizi yathu. Ntchito ya LIGO inadya madola opitirira 1 biliyoni pa zaka pafupifupi 40. Ndi ndalama zambiri. Koma mu 2023 mokha maiko a dziko lapansi anawononga madola opitirira 2,000 biliyoni pa zankhondo. Mukagawa nambala imeneyi ndi masiku 365 mupeza kuti ndalama zonse za LIGO sizifika ngakhale pa za tsiku limodzi la zida. Ngati tikufuna wakuba nsima ya amphawi, tisamusake kwa omvetsera nyenyezi. Komanso nzeru za plasma zili ndi ntchito pansi pano. Mu Malichi 1989 mkuntho wa plasma wochokera ku dzuwa unazimitsa magetsi m'chigawo cha Quebec ku Canada kwa maola pafupifupi 9, ndipo mikuntho yotere imasokonezanso mawailesi ndi masetilaiti. Masamu a chipwirikiti ndi omwenso amagwiritsa ntchito olosera za nyengo, ndipo aliyense amene akukumbukira namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 akudziwa kufunika kwa chenjezo lofika nthawi yabwino.

Komabe sindikufuna kubisala kumbuyo kwa phindu lokha. Funso lomwelo munthu angalifunse pa chikho chimene tinkapukuta chija: bwanji osachigulitsa n'kugula matumba a chimanga? Eklezia amadyetsa anjala, amamanga zipatala, koma amasunganso chikho chokongola, nyimbo ndi maphunziro, chifukwa munthu ali ndi njala zingapo. Njala yofuna kudziwa choona anaiika mwa ife ndi Mulungu yemweyo amene anatipatsa mimba.

Funso lachiwiri ndi la chikhulupiriro. Ndivomere kuti nditangomva za zaka 130 miliyoni, mtima unagunda, ndinaganiza za masiku asanu ndi limodzi a m'buku la Genesis. Ndinapita kwa Bambo wotitsogolera pa moyo wauzimu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, ndipo anandifotokozera kuti Malembo Oyera amatiphunzitsa amene analenga ndi chifukwa chake, pamene sayansi imafufuza njira ndi nthawi. Anandiuzanso kuti ndikawerenge za Bambo Georges Lemaître. Ameneyu anali wansembe wa ku Belgium amene mu 1927 anaonetsa ndi masamu kuti chilengedwe chikufutukuka, ndipo mu 1931 anapereka ganizo limene lero limatchedwa Big Bang. Chodabwitsa n'chakuti iye sankafuna kuti ganizo lakelo lizigwiritsidwa ntchito ngati umboni wotsimikizira za Mulungu. Ankadziwa kuti chikhulupiriro chomangidwa pa nambala ya lero chikhoza kugwa nambalayo ikasintha mawa.

Eklezia weniweniyo saopa telesikopu. Papa Leo XIII anakhazikitsanso malo a Vatican oonera zakuthambo mu 1891, ndipo ansembe ndi abulazala a chipani cha Ayezuiti amagwira ntchito kumeneko, ku Castel Gandolfo ndi ku Arizona. Mu Meyi 2017, miyezi itatu nyenyezi zathu zija zisanamveke, malowa anachititsa msonkhano wa akatswiri wokambirana za mafunde omwewa polemekeza Bambo Lemaître. Zoona, pa nkhani ya Galileo akuluakulu a Eklezia analakwitsa, ndipo Papa Yohane Paulo II anavomereza poyera mu 1992. Papa yemweyo mu 1998 analemba kalata yotchedwa Fides et Ratio, yophunzitsa kuti chikhulupiriro ndi nzeru za munthu zimayendera limodzi. Ndiye ngati Papa sakuopa, iwe wa Fomu 3 ukuopa chiyani? Ine ndikuona kuti chimene chimachotsa achinyamata m'tchalitchi si sayansi ayi, koma kufunsa funso loona n'kuyankhidwa ndi ukali kapena nthabwala.

Choncho ndili ndi mapempho atatu. Kwa inu anzanga: tisamagone m'kalasi ya fizikisi ndi masamu. Tonse tikudziwa kuti si tonse tidzafike pa guwa. Amene adzatsate njira ina adzafuna maphunzirowa, ndipo amene adzadzozedwe adzapeza m'parishi ana a sukulu, anamwino ndi aphunzitsi okhala ndi mafunso amene anawatola pa intaneti. Nkhosa zikafunsa, mbusa asadzathawire m'sakristiya. Kwa inu Abambo athu ansembe ndi aphunzitsi: tikupempha kuti mwa apo ndi apo, usiku wopanda mwezi, mutilole tituluke pabwalo la mpira mapemphero a usiku atatha, wina atisonyeze nyenyezi ndi maina ake. Sizifuna ndalama. Magetsi akazima, thambo la kuno limaoneka bwino kuposa la m'mizinda yambiri ya anthu olemera. Kwa inu makolo athu okondedwa: mwana wanu akabwera pa holide n'kumakamba za maatomu ndi milalang'amba, musade nkhawa kuti maitanidwe ake akuzilala. Mufunseni akufotokozereni, ndipo mukatero mumutume akatunge madzi monga mwa nthawi zonse.

Mnzanga uja tikugwirabe ntchito limodzi, ndipo sanagonje kwenikweni. Akuti adikira aone ngati ndikhoze fizikisi teremu ino ndisanayambe kuphunzitsa anthu. Pamenepo wanena zoona, ndipo ndayamba kudzuka msanga. Koma Loweruka lapitali ndinamuona atanyamula chikho chija, akuyang'ana m'kati mwake nthawi yaitali asanachibwezere m'kabati. Sindinamufunse chimene ankaganiza.